Gilisalini wa m'ngalande

Mwezi wa June ukafika, amayi anga salephera kunditumizira uthenga uwu: "Ukamabwera undigulireko gilisalini, mapazi ayamba kung'aluka." Chaka chino ndinagula kabotolo kamodzi, ndipo ndili m'minibasi ndinakatembenuza n'kuwerenga zolembedwa kumbuyo. Gilisaliniyo anali wochokera kunja. Ndinaseka ndekhandekha, koma kuseka kwake kunali kowawa, chifukwa masabata ochepa m'mbuyomo ndinali nditaima pambali pa ngalande ya fakitale ina, ndikuyang'ana gilisalini akupita ndi madzi.

Ndimaphunzira chemical engineering, ndipo pa tchuthi chachitali ndinapeza malo a atachimenti pa fakitale yopanga sopo. Dzina lake sinditchula, chifukwa anthu a kumeneko anandilandira bwino, komanso zimene ndinaona si zawo okha. Tsiku lachitatu anandipereka kwa bambo wina wachikulire amene anayamba kuphika sopo ine ndisanabadwe. Mphika wawo ndi chithanki chachitsulo chotalika kuposa nyumba. Amathiramo mafuta ndi kositiki soda n'kuwiritsa ndi nthunzi. Zikapsa amathiramo mchere wambiri, ndiye sopo amalekana ndi madzi n'kuyandama pamwamba. Akatero amatsegula valavu ya pansi, ndipo madzi ofiirira, otentha ndi oterera amayamba kutuluka.

"Bambo, madzi awa akupita kuti?" ndinafunsa.

"Kumene amapita madzi onse, mwana wanga. Ku dziwe lakuseri. Akazizira, ku ngalande."

"Nanga gilisalini amene ali m'menemo?"

Anandiyang'ana n'kumwetulira. "Inu a sukulu mumadziwa zambiri. Kafunseni abwana."

Kwa amene simunakhalepo m'kalasi la chemistry, nkhani yake ili chonchi. Mafuta alionse, a nyama kapena a mbewu, amakhala gilisalini atagwirana ndi zidutswa zitatu za fatty acid. Kositiki imadula mgwirizanowo. Zidutswa zija zimasanduka sopo, gilisalini n'kutsala payekha. Pa makilogalamu 100 alionse a mafuta, pafupifupi makilogalamu 10 amatuluka ngati gilisalini. Iye amakonda madzi kuposa sopo, choncho mchere ukathiridwa amatsikira pansi pamodzi ndi mcherewo komanso kositiki yotsala. Ndiye kuti valavu ija ikatsegulidwa, pamatuluka zinthu zitatu zimene fakitale inalipira ndalama. Fakitale yophika matani 10 a mafuta pa tsiku mwa njira imeneyi ingathe kutaya gilisalini wokwana pafupifupi tani imodzi tsiku lomwelo.

Kumutola m'madzimo si matsenga, ndipo njira zake sizisiyana kwenikweni ndi zimene agogo athu amachita kuseri kwa nyumba. Amayi akafuna chidulo cha therere, amatenga phulusa, chinthu chimene wina akanangotaya, n'kudonthezamo madzi kuti atulutse potashi amene ali m'katimo. Wotcheza kachasu amadziwa kuti zinthu ziwiri zikasakanikirana, moto umatha kuzilekanitsa, chifukwa china chimasanduka nthunzi msanga kuposa chinzake. Ku fakitale nako amathira asidi pang'ono ndi alamu kuti tizidutswa ta sopo tiundane, n'kusefa. Kenako amawiritsa madziwo m'thanki yochotsedwa mpweya kuti awire msanga. Madzi akamachepa, mchere umayamba kuuma n'kugwera pansi, ndipo umabwerera ku mphika kukagwiranso ntchito. Chotsala ndi gilisalini wakuda, woyera pafupifupi 80 peresenti, amene akatchezedwa amafanana ndi wa m'kabotolo ka amayi anga.

Ndinapitadi kwa abwana, ndili ndi kapepala ka masamu anga m'manja. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anatenga cholembera n'kuyamba kuwonjezera manambala amene ine ndinawasiya. Mtengo wa makina, amene ayenera kugulidwa kunja ndi madola. Chiwongoladzanja cha ku banki. Mafuta a boyila. Munthu woyendetsa makinawo. Zitsulo zimene mchere wotentha umadya. Anandikumbutsanso kuti kuyambira pamene mayiko ambiri anayamba kupanga biodiesel m'zaka za m'ma 2000, gilisalini anachuluka pa msika wa dziko lonse, chifukwa nayonso biodiesel imatulutsa gilisalini ngati chotsalira, ndipo mtengo wake unagwa. Atamaliza anati, "Mphwanga, ngalande sinditumizira invoisi."

Anzanga, abwanawo sananame. Masamu awo anali olondola kuposa anga. Koma mawu awo omalizawo ndi amene akhala akundizunguza mutu, ndipo ndi amene andilembetsa nkhani ino. Maganizo anga ndi akuti mafakitale sadzatola makemikolo a m'madzi awo otayidwa chifukwa chowachonderera, kapena chifukwa cha masemina a ku hotela. Adzatola pamene kutaya kudzasiya kukhala kwaulere. Pakali pano masamu a abwana amatuluka bwino chifukwa gawo lina la mtengo wa sopo limalipidwa ndi anthu amene sali m'buku la akawunti: mayi wochapa kumunsi kwa mtsinje, mlimi wa dimba wothirira mpiru, mwana wosewera m'madzi amene nsomba zinathawamo kalekale. Aliyense amene anawolokapo mtsinje wa Mudi ku Blantyre m'chilimwe akudziwa fungo limene ndikunena.

Mbiri ya makampani a makemikolo ikuonetsa kuti chinthu chotayidwa chimasanduka malonda m'njira ziwiri. Yoyamba ndi msika. Gilisalini yemweyu ankatayidwa ndi ophika sopo a ku Ulaya kwa zaka zambiri. Alfred Nobel atapanga dynamite mu 1867, gilisalini anayamba kufunika kwambiri popanga nitroglycerine, ndipo ophika sopo aja anayamba kumuwenga m'madzi amene kale ankangotsanula. Ernest Solvay wa ku Belgium, m'zaka zomwezo za m'ma 1860, anapeza njira yopangira soda pogwiritsa ntchito ammonia. Popeza ammonia anali wodula, njira yakeyo inapambana chifukwa chakuti ankamubweza pafupifupi yense pothira laimu m'madzi otsala, n'kumugwiritsanso ntchito. Palibe anamukakamiza. Chinthu chikakhala chodula, mwini fakitale amachisamala yekha.

Njira yachiwiri ndi lamulo, ndipo imeneyi ndi imene ikutikhudza ife. Solvay asanabwere, soda ankapangidwa mwa njira ya Nicolas Leblanc, pothira sulphuric acid mu mchere. Njira imeneyi inkatulutsa utsi wa hydrogen chloride umene unkaotcha mbewu ndi mitengo kuzungulira matauni a St Helens ndi Widnes ku England. Mu 1836 William Gossage anapanga nsanja yomwetsera utsiwo m'madzi, koma eni mafakitale ambiri sanaifune, chifukwa mlengalenga nawo sunkatumiza invoisi. Mu 1863 boma la Britain linakhazikitsa lamulo la Alkali Act, lolamula kuti 95 peresenti ya utsiwo izigwidwa, ndipo linaika katswiri wa chemistry, Robert Angus Smith, kuti aziyendera mafakitale. Poyamba zinangosamuka: utsi unasanduka asidi wamadzi, ndipo wambiri ankathiridwa m'mitsinje. Koma tsopano asidiyo anali m'thanki, wooneka ndi maso, ndipo anthu anayamba kumuganizira. Walter Weldon ndi Henry Deacon anakonza njira zomusandutsira chlorine wopangira ufa woyeretsera nsalu ndi mapepala. Pamene soda wa Solvay anatsitsa mitengo, mafakitale a Leblanc anakhala ndi moyo zaka zina zambiri chifukwa cha ufa umenewu. Chinthu chimene anakakamizidwa kugwira ndicho chinadzawadyetsa.

Sindikunena kuti lamulo lililonse limabala phindu. Ndikunena kuti ainjiniya amathetsa vuto limene apatsidwa. Mukawauza kuti ntchito yawo ndi kuchotsa madzi oipa pabwalo la fakitale, adzakumba ngalande. Mukawauza kuti kilogalamu iliyonse yotuluka pa mpanda ili ndi mtengo, adzayamba kufunsa chimene chili m'madzimo, ndi amene angachigule.

Ndipo zimene zili m'madzi a mafakitale si gilisalini yekha. Madzi okhala ndi ammonia wambiri, ukawathira laimu kapena kositiki n'kuuziramo mpweya kapena nthunzi, ammonia amatulukamo. Ukamugwira ndi sulphuric acid umapeza ammonium sulphate, feteleza yemwe uja alimi amamutchula kuti SA, wokhala ndi 21 peresenti ya nayitrojeni. Ku Secunda ku South Africa, kampani ya Sasol imachotsa ammonia ndi phenol m'madzi otsala popanga mafuta kuchokera ku malasha, n'kumazigulitsa. Ofufuta zikopa amagwiritsa ntchito chromium, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu limatsalira m'madzi osalowa m'chikopa. Akathira magnesium oxide, chromium amakhazikika pansi ngati matope, ndipo matopewo akasungunulidwa ndi asidi amabwerera kukafufutira zikopa zina. Opanga nsalu za thonje amaviika nsalu m'kositiki wamphamvu kuti iwale ndi kugwira utoto, ndipo madzi otsukira angathe kuwiritsidwa mpaka kositikiyo atabwerera mphamvu yake.

Chitsanzo chapafupi ndi ife ndi ethanol. Dziko lino lakhala likupanga ethanol kuchokera ku molasesi ya nzimbe ku Dwangwa kuyambira 1982, ndipo pambuyo pake anayambanso kupangidwa ku Chikwawa. Lita iliyonse ya ethanol imasiya malita 10 mpaka 15 a madzi akuda otchedwa vinasse. Akalowa mumtsinje amamaliza mpweya umene nsomba zimapuma. Koma m'madzi omwewo muli potaziyamu wambiri, amene nzimbe zinamwa m'nthaka. Dziko la Brazil, limene limapanga ethanol wochuluka kwambiri wa nzimbe, linaletsa kuthira vinasse m'mitsinje chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo lero wambiri amabwerera m'minda ya nzimbe ngati feteleza. Patapita zaka, boma la São Paulo linachita kuika malire a kuchuluka kwa vinasse wothira pa hekitala, potengera potaziyamu amene ali kale m'nthaka, chifukwa chabwino chikachuluka chimawononganso.

Apa ndi pamene nkhaniyi imasiya kukhala ya zachilengedwe zokha. Feteleza amene timalimira chimanga pafupifupi yense amachokera kunja. Kositiki, asidi ndi makemikolo ambiri a m'mafakitale nawo amalowa pa chipata cha dziko. Mu November 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo aliyense woitanitsa katundu amadziwa kuvuta kwa kupeza madola ku banki. Tikamataya kemikolo amene tinagula ndi ndalama zakunja, timalipira kawiri: poyamba pa chipata, kachiwiri ku chipatala kapena ku dimba louma. Ngakhale madzi enieniwo si aulere. Ambiri amene mzinda wa Blantyre umamwa amapopedwa kuchokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, kukwera mapiri ndi magetsi ochuluka. Lita imene fakitale yagwiritsanso ntchito ndi lita imene sinafunike kukwezedwa mtunda wonsewo.

Tsopano ndiyankhe amene sakugwirizana nane, chifukwa ena mwa iwo ndimakhala nawo chipinda chimodzi ku hositelo, ndipo mfundo zawo si zopepuka.

Mfundo yoyamba ndi ya mphamvu. Kuti tani imodzi ya madzi isanduke nthunzi pamafunika kutentha kokwana pafupifupi mayunitsi 630 a magetsi. M'dziko limene namondwe Ana atawononga Kapichira mu January 2022 tinataya pafupifupi mamegawati 130 n'kukhala miyezi yambiri tikugawana magetsi, munthu wouza mafakitale kuti aziwiritsa madzi awo onse angaoneke ngati wamisala. Ndikuvomereza. Koma yankho lili m'mawu akuti "onse". Vuto lalikulu limene ndinaona pa fakitale ija silinali kusowa kwa makina. Linali lakuti madzi a mu mphika, okhala ndi gilisalini wambiri, ankakumana m'ngalande imodzi ndi madzi okolopera, madzi oziziritsira makina, ngakhalenso a mvula ochokera padenga. Chinthu chikasungunuka m'madzi ochuluka kakhumi, ndiye kuti uyenera kuwiritsa madzi ochuluka kakhumi kuti uchipeze. Kulekanitsa mapaipi ndi ntchito ya pulambala ndi thanki imodzi. Palinso makina owiritsa motsatizana, amene nthunzi ya thanki yoyamba imawiritsa yachiwiri, yachiwiri n'kuwiritsa yachitatu, ndipo mafuta ofunika amatsika kwambiri. Fakitale iliyonse yokhala ndi boyila imakhalanso ndi kutentha kumene imangotaya.

Mfundo yachiwiri ndi ya ntchito, ndipo imandikhudza ine mwini, chifukwa ndikamaliza sukulu ndidzakagogoda pa zitseko za mafakitale omwewa. Amati mukawafinya adzatseka, sopo azidzachokera kunja, ndipo achinyamata adzakhala pa mtengo wa kachere. Nkhani ya ku Tiruppur ku India imaonetsa kuti mantha amenewa ali ndi maziko. Tauni imeneyi imasoka zovala zogulitsa dziko lonse, ndipo mafakitale ake onyika nsalu mu utoto ankathira madzi amchere mumtsinje wa Noyyal mpaka alimi a kumunsi analephera kuthirira. Alimiwo anapita ku khoti, ndipo mu January 2011 khoti lalikulu la Madras linalamula kuti mafakitale oposa 700 atsekedwe mpaka atasiya kutulutsa madzi alionse. Anthu ambirimbiri anataya ntchito nthawi imodzi. Pambuyo pake mafakitale anatsegulidwanso, ambiri atagwirizana kugwiritsa ntchito malo amodzi oyeretsera madzi. Lero madzi ambiri amabwerera ku fakitale, ndipo mchere umene umathandiza utoto kugwira nsalu umagwiritsidwanso ntchito. Mtengo wonyikira nsalu unakwera, ndipo mchere wina wosakanikirana umangosungidwa m'matumba chifukwa palibe ougula. Phunziro limene ine ndimatengapo ndi lakuti kuchedwa ndi kumene kumapha ntchito. Boma likalekerera kwa zaka makumi awiri, mapeto ake ndi chigamulo cha tsiku limodzi. Mtengo wa kutaya ukamakwera pang'onopang'ono, pa ndondomeko yodziwika, fakitale imakhala ndi nthawi yokonzekera.

Mfundo yachitatu ndi imene ndimaiopa kwambiri. Mawu akuti "tikubweza zotayidwa" angathe kukhala chophimba. Munthu angatenge matope a fakitale okhala ndi lead kapena cadmium, n'kuwaumitsa, n'kuwaika m'thumba lolembedwa kuti manyowa. Poizoni amene akanapita mumtsinje apita m'munda wa tomato. Palinso makina ogulidwa kuti alendo aone. Ku Minamata ku Japan, kampani ya Chisso inkathira m'nyanja madzi okhala ndi mercury wochokera popanga acetaldehyde. Matenda ake anadziwika mu 1956. Mu 1959 kampaniyo inakhazikitsa makina oyeretsera madzi, ndipo mkulu wake anamwa madzi pamaso pa anthu pofuna kuonetsa kuti zonse zili bwino. Makinawo sanapangidwe kuti azichotsa mercury wa mtundu umenewo, ndipo kuthira kunapitirira mpaka 1968. Choncho chilichonse chotengedwa m'madzi a fakitale chiyenera kuyezedwa ndi munthu amene salipidwa ndi fakitaleyo, chisanafike kwa mlimi kapena pa khungu la munthu. Ndipo tivomereze kuti zinthu zina sizibwezedwa n'komwe. Zimangofunika kuchotsedwa n'kusungidwa bwino, ngakhale palibe phindu lililonse.

Nanga tichite chiyani? Maziko alipo kale. Lamulo la zachilengedwe la 2017 linakhazikitsa bungwe la MEPA, lamulo la madzi la 2013 linakhazikitsa bungwe loyang'anira madzi la National Water Resources Authority, ndipo Malawi Bureau of Standards ili ndi milingo ya madzi otuluka m'mafakitale. Ine ndingawonjezere zinthu zinayi.

Choyamba, tiziyeza kulemera kwa zoipa zonse zimene zatuluka, kuwonjezera pa kuchuluka kwake mu lita imodzi. Mlingo ukangonena za lita imodzi, wochenjera amatsegula mpopi wa madzi abwino n'kusungunula zoipazo mpaka nambala itatsika. Mtsinje umalandirabe makilogalamu omwewo, ndipo mwayi wotola kemikolo uja umatheratu. Dziko la Netherlands linayamba kulipiritsa mafakitale potengera kuchuluka kwa zoipa zimene atulutsa kutsatira lamulo lake la 1970, ndipo Germany inayamba kutolera msonkho wotere mu 1981. Fakitale ikachepetsa zotaya, bilu yake imatsika, ndipo abwana amaiona pa pepala lawo lija.

Chachiwiri, ndalama zotoleredwazo zisapite m'thumba lalikulu la boma kumene zimasowera. Zibwerere ngati ngongole yotsika mtengo kwa fakitale yofuna kugula makina obwezera makemikolo, ndipo makina oterewa azilowa m'dziko opanda msonkho. Ukafinya munthu, umusiyireko khomo lotulukira.

Chachitatu, mafakitale ang'onoang'ono asasenze okha. Fakitale imodzi ya sopo mwina singakwanitse makina otchezera gilisalini, koma zitatu kapena zinayi zoyandikana zingathe kutumiza madzi awo a mu mphika kwa munthu mmodzi amene ntchito yake ndi imeneyo. Komanso chotayidwa cha wina ndi mankhwala a mnzake: madzi a asidi a fakitale ino angazimitse mphamvu ya madzi a kositiki a fakitale iyo, m'malo moti aliyense azigula zake. Ku Kalundborg ku Denmark mafakitale akhala akupatsirana nthunzi, madzi ndi zotsalira kuyambira m'zaka za m'ma 1970, ndipo zinayamba ndi mapangano wamba a malonda pakati pa anansi.

Chachinayi, zotsatira za kuyeza zikhale poyera, kuti mfumu ya mudzi wa kumunsi ndi mtolankhani athe kuziwerenga. Apa ife ophunzira tingathandize. Chaka chilichonse timasowa mitu ya pulojekiti ya chaka chomaliza, n'kumalemba za mafakitale ongoganizira amene palibe adzawamange. Chikhalirecho mafakitale enieni sadziwa kuti mumatuluka chiyani m'mapaipi awo, chifukwa palibe anakhalapo pansi n'kuwerengera zolowa ndi zotuluka. Kuwerengera kumeneku ndi phunziro loyambirira la maphunziro athu. Sikufuna makina a mamiliyoni. Kumafuna ndowa, wotchi, sikelo, ndi labotale ya pa sukulu.

Ndi zimene ndinachita m'masabata anga omaliza. Bambo aja ankandiitana akamatsegula valavu, ine n'kumatunga madzi m'mabotolo, kuyeza nthawi ndi kulemba. Poyamba ankandiseka kuti ndikutunga msuzi wa ndiwo za ndani. Tsiku lina ndinawiritsa lita imodzi mu labotale, n'kuwabweretsera mchere wouma pa kapepala ndi gilisalini wakuda pansi pa kabotolo. Anatsina mchere uja ndi zala, n'kuuyang'ana nthawi yaitali.

"Uwu ndi uja ndimasenza m'matumba m'mawa uliwonse?"

"Ndi womwewo, bambo."

"Ndiye zaka zonsezi ndakhala ndikusenzera mtsinje."

Mu lipoti langa sindinapemphe makina otchezera gilisalini, chifukwa pa mitengo ya lero abwana akanapambananso mkanganowo. Ndinapempha paipi imodzi ndi thanki imodzi, kuti madzi a mu mphika asakumanenso ndi okolopera. Ndinaikamonso tsamba lina la masamu omwe aja, koma nditawonjezera mzere umodzi: mtengo wa kilogalamu iliyonse yotuluka pa mpanda. Mtengowo ukafika pa mlingo wina, nambala ya pansi imatembenuka, ndipo kutola kumakhala kotsika mtengo kuposa kutaya. Abwana anawerenga tsambalo n'kunena kuti tsiku limene boma lidzabweretse mzere umenewo, ndidzawaimbire foni.

Mnzanga wina wandichenjeza kuti kulemba zotere ndi kudzitsekera zitseko za ntchito ndisanalandire n'komwe digiri. Mwina akunena zoona. Koma ndikaganiza bwino, ntchito imene ndikuphunzira idzakhalapo pokhapokha mzere uja utalembedwa. Ngalande ikakhala yaulere, fakitale siifuna injiniya wolekanitsa makemikolo. Imangofuna munthu wotsegula valavu, ndipo ameneyo ali naye kale.

Amayi analandira gilisalini wawo. Nditawafotokozera nkhani yonseyi, anafunsa funso limodzi lokha: ngati wa kuno akanakhala wotsika mtengo. Ndinawauza kuti mwina poyamba ayi. Iwo anati ngati ndi choncho, bola akhale wabwino, chifukwa mlongo wawo amathirira dimba kumunsi kwa tauni, ndipo chaka chatha masamba ake anapsa ngati wawathira madzi otentha.